Ndagi za pa njinga: kukonza ulendo wosaka ziboliboli ndi zithunzi za pakhoma ku Glasgow m'nyengo yozizira

Amene mwakhalako ku Scotland mukudziwa momwe Disembala ndi Januwale amakhalira. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, isanakwane 4 koloko madzulo lapita kale. Munthu umachoka kunyumba kuli mdima, kubwerera kuli mdima, ndipo Loweruka likafika thupi limangofuna bulangete. Amalawi ambiri okhala ku Glasgow timatha miyezi itatu tikudziwa njira ziwiri zokha, ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Zimandipweteka chifukwa mzindawu uli ndi zambiri zotikhudza, zina zili pabwalo penipeni, zaulere, ndipo timazidutsa tili m'basi maso ali pafoni.

Kuuza anthu kuti "tiyeni tikapalase njinga" m'chisanu chotere sikugwira. Koma mukawapatsa ndagi, n'kunena kuti yankho lake lili pakhoma linalake m'tauni ndipo gulu lina likulisakanso, anthu amavala majekete. Masewerawa ndi osavuta: timagulu ta anthu atatu kapena anayi pa njinga, pepala la ndagi, ndipo ndagi iliyonse ikuloza chiboliboli, mlatho kapena chithunzi chojambulidwa pakhoma. Gulu likapeza malowo limadzijambula pamenepo n'kuyankha funso limene yankho lake limaoneka ukafika pamalopo basi.

Choyamba: sankhani tsiku ndi maola, osati malo

Ambiri amayamba ndi kundandalika malo okongola. Yambani ndi dzuwa. Pakati pa nyengo yozizira ya kuno kuwala n'kwa maola 7 okha, ndipo m'mawa ndi pamene madzi oundana amakhala asanasungunuke m'njira. Choncho kumanani 11 koloko, nyamukani 11:30, ndipo lamulani kuti pofika 2:30 aliyense akhale wafika pothera, kaya wamaliza ndagi kaya ayi. Maola atatu ndi okwana. Kupitirira pamenepo zala zimayamba kuuma ndipo ana amayamba kulira.

Ngati mukufuna tsiku lokhala ndi tanthauzo, sankhani Loweruka loyandikana ndi 13 Januwale, tsiku lokumbukira St Mungo, woyera amene mzinda wa Glasgow umamutenga ngati mwini mudzi. Ndagi zingapo zidzakhudza iyeyo.

Gwirizananinso pasadakhale za chimene chingalepheretse ulendo. Met Office, nthambi yoona zanyengo kuno, imapereka machenjezo a mitundu itatu: achikasu, a amber ndi ofiira. Ine lamulo langa n'lakuti pakakhala chenjezo lililonse la madzi oundana kapena chimphepo, ulendo wa njinga wasintha tsiku, palibe kukambirana. Mvula ya mawawa siletsa kanthu, mukadikira kuti Glasgow iume mudzadikira mpaka Meyi.

Chachiwiri: njira yake

Njira ikhale ya makilomita 10 kapena kucheperapo, yotsetsereka koyambirira ndi yafulati kumapeto. Glasgow inachita kukhalira bwino pa zimenezi, chifukwa mukayambira pa Cathedral muli pamtunda, ndipo mukatsikira ku mtsinje wa Clyde mumapeza njira ya njinga yotsata gombe mpaka ku Riverside Museum, magalimoto ali patali.

Yambirani pa bwalo la Glasgow Cathedral, pamene paima chiboliboli cha David Livingstone. Anachisema ndi John Mossman, ndipo poyamba chinali ku George Square asanachisamutsire kuno. Ndagi yake ndimaikonda: "Anabadwira ku Blantyre, koma pa Wenela sanakwerepo basi." Mmalawi aliyense amayamba waseka, kenaka n'kukumbuka kuti Blantyre wathu anatchedwa dzinali mu 1876 potengera kamudzi ka m'mbali mwa Clyde komwe Livingstone anabadwira mu 1813. Funso la pamalopo likhale la pa tsinde la chibolibolicho, pomwe pali zithunzi zosema, china chikuonetsa nkhanza za malonda a akapolo. Auzeni anthu afotokoze chimene akuona pa chithunzi chilichonse. Musathamangire pamenepa. Munthu yemweyu amene analimbana ndi malonda a akapolo anayamba ntchito ali ndi zaka 10 m'fakitale ya thonje, ndipo thonje la nthawi imeneyo linkalimidwa ndi akapolo. Ana athu obadwira kuno ayenera kumva mbali zonse ziwiri, ndipo amamva bwino ataima pamaso pa mwalawo kusiyana ndi pa tebulo la chakudya.

Musanachoke pabwaloli, kwezani maso pa mapolo a magetsi. Pamwamba pake pali mbalame, mtengo, belu ndi nsomba, zizindikiro zinayi za nthano za St Mungo zimene zilinso pa chidindo cha mzinda. Mukaziona kamodzi mudzayamba kuziona paliponse, pa nyumba zakale, pa milatho, pa zipata. Ikani mphoto yapadera kwa gulu limene lijambule zizindikirozi m'malo ambiri ulendo wonse.

Tsikani ndi High Street. Pakhoma la nyumba ina yosanja pali bambo wamkulu wandevu, chipewa cha ulusi kumutu, kambalame ka pachifuwa pofiira katatera pa chala chake. Ameneyo ndi St Mungo atavala ngati munthu wamba wa lero, ndipo anamujambula mu 2016 ndi Smug, katswiri wochokera ku Australia amene amakhala ku Glasgow. Chapafupi, polowera ku George Street, Smug yemweyo anajambula mayi wanyamula khanda, amene ndi St Enoch, mayi ake a Mungo. Ndagi imodzi ikhoza kugwira zonse ziwiri: "Mwana wamera ndevu pa khoma ili, pa khoma ilo akadali m'manja mwa mayi ake."

Pitirizani kutsika, kudutsa nsanja ya Tolbooth pa Glasgow Cross, kulowa Saltmarket mpaka ku Glasgow Green. Pakiyi ndi yotakasuka ndipo apa ndi pamene ana amapalasa momasuka. Chosaka ndi Doulton Fountain, kasupe wamkulu woumbidwa ndi dothi lootcha, amene anapangidwira chionetsero cha mu 1888. Pamwamba pali Mfumukazi Victoria, m'munsi muli magulu anayi oimira Australia, Canada, India ndi South Africa. Funso: pezani mbali ya South Africa, ndipo nenani kuti anthu amene aikidwapo ndi otani. Yankho lake limabweretsa zokambirana zabwino pothera.

Kuchokera pamenepo lowani m'katikati mwa tauni. Kuno misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi ndipo mabasi ndi ambiri, choncho lembani papepala kuti gawo ili njinga ndi zokankha. Palibe manyazi pa zimenezo. Malo ndi atatu oyandikana. Kutsogolo kwa Gallery of Modern Art kuli Duke of Wellington pa kavalo, chiboliboli cha mu 1844, chimene anthu a mzindawu amachiveka koni ya pamsewu kumutu. Mu 2013 khonsolo inafuna kukweza tsinde lake kuti anthu asamafikire, koma anthu anakana mpaka ganizolo linathetsedwa. Ndagi: "Mfumu ili pa kavalo, chisoti chake anatola pamsewu." Kenaka Nelson Mandela Place, pafupi ndi Buchanan Street: "Mkaidi anapatsidwa msewu akadali m'ndende." Glasgow inapatsa Mandela ufulu wa mzinda mu 1981, ndipo mu 1986 inasintha dzina la malowa kuchoka pa St George's Place, nthawi imene ofesi ya kazembe wa boma la tsankho la South Africa inali pomwepo. Tangoganizani makalata onse a ofesiyo akufika ndi dzina la mkaidi wawo pa envulopu. Mandela anabwera yekha kudzathokoza mu 1993. Malo achitatu ndi Mitchell Street, kamsewu kopanikizika komwe kuli chithunzi cha takisi yakuda ikuuluka ndi mabaluni, chojambulidwa ndi Rogue-One, komanso mtsikana wamkulu wogwira galasi lokulitsira zinthu, wa Smug.

Tsikirani ku mtsinje. Pa Clyde Street pali mayi waima manja ali m'mwamba, La Pasionaria, chikumbutso cha anthu amene anachoka kuno kukamenya nawo nkhondo ya ku Spain ya 1936 mpaka 1939. Kuchokera apa ndi kungopalasa chakumadzulo, mtsinje uli kumanzere. Mudzadutsa mlatho wokhotakhota wa anthu oyenda pansi wa Tradeston, kenaka Clyde Arc, umene eni mzinda amautcha Squinty Bridge chifukwa unawoloka mtsinje mopendeka. Patsogolo pang'ono pali Finnieston Crane, chimakina chonyamulira katundu chotalika mamita 53, chimene chinkakweza mitu ya sitima zapamtunda zopangidwa ku Glasgow n'kuiika m'sitima zapamadzi kupita kumaiko akutali. Chichewa chathu chimatipatsa ndagi yaulere apa: "Nyamalikiti wachitsulo, ankanyamula sitima n'kuika m'sitima."

Pothera ndi Riverside Museum, nyumba ya denga ngati mano a sowo imene anaikonza Zaha Hadid ndipo inatsegulidwa mu 2011. Kuseri kwake kwakocheza Glenlee, sitima ya matanga ya mu 1896. Magulu amene akadali ndi nthawi awoloke mlatho watsopano wa Govan ndi Partick, umene unatsegulidwa mu 2024 ndipo ndi wa oyenda pansi ndi a njinga okha, akapeze Mary Barbour pa Govan Cross. Mayi ameneyu anatsogolera amayi anzake kukana kulipira lendi yokwezedwa mu 1915, amuna ali kunkhondo, mpaka boma linakhazikitsa lamulo loletsa kukweza lendi. Chiboliboli chake, cha mu 2018, chikumuonetsa ali patsogolo, khamu likumutsata. Funso likhale losavuta: werengani anthu amene ali pambuyo pake. Aliyense amene analipirapo lendi kuno amaima pamenepo nthawi yaitali.

Chachitatu: yendani nokha njirayo sabata imodzi tsikulo lisanafike

Izi musadumphe. Zithunzi za pakhoma sizikhalitsa ngati miyala. Nyumba zimagumulidwa, pamalo poimika magalimoto pamamangidwa nyumba yotchinga khoma, ziboliboli zimachotsedwa kukakonzedwa. Mndandanda wa zithunzi za pakhoma za m'tauni wotchedwa City Centre Mural Trail, umene unayamba mu 2014, umasintha chaka ndi chaka. Ndagi yoloza chinthu chimene kulibe imapha masewera onse, chifukwa gulu limazungulira m'chisanu kwa mphindi 20 likudzikayikira. Poyenda, onaninso pomwe pali zimbudzi, pomwe njira yatsekedwa ndi ntchito za msewu, ndi pomwe madzi amadikha.

Chachinayi: kulemba ndagi

Ndagi yabwino ili ndi miyendo iwiri. Woyamba umakufikitsa pamalo, wachiwiri umakukakamiza kuyang'anitsitsa. Ngati yankho lingapezeke pa Google munthu ali pa sofa, funsolo n'lofooka. Funsani mtundu wa chipewa, chiwerengero cha mbalame, dzanja limene lagwira buku, chaka cholembedwa pa mwala.

Lembani m'Chichewa, ndipo pansi pake ikani Chingerezi cha ana ndi alendo, koma dziwani kuti zina sizimasulirika. Ya sitima m'sitima ija isiyeni momwemo, ana akafunse makolo awo. Pamenepo ndiye pali phindu lina la masewerawa. Poyambitsa, wotsogolera afuule "Ndagi!" ndipo onse ayankhe "Gize!" ngati kumudzi, pabwalo la Cathedral pomwepo.

Ndagi 10 kapena 12 ndi zokwana. Zitatu zikhale zophweka kwambiri, ziwiri zovuta ndithu. Gulu likakanika likhoza kuimbira wotsogolera foni kuti aliunikire, koma lilipire pointi imodzi, monga muja wolephera ndagi amaperekera ng'ombe ya pakamwa. Chinthu chimodzi ndimakana zivute zitani: kupereka mapointi kwa ofika msanga. Mukangotero mwauza achinyamata kuti athamange pa msewu woterera ndi kudumpha maloboti. Mapointi akhale a mayankho ndi zithunzi, ndipo pa chithunzi chilichonse gulu lonse lioneke kupatula wojambula, kuti pasakhale kusiyana m'njira.

Sindikizani mapepala ndipo muwaike m'timapulasitiki. Batire ya foni imatha msanga pozizira, ndipo chala chovala golovesi sichigwira bwino pa sikirini. Perekani pensulo, bolopeni imakana papepala lonyowa.

Chachisanu: njinga ndi zovala

Ambiri a ife tinakulira pa njinga, ena tinanyamulapo matumba a chimanga pa kaliya, ndiye kupalasa sitiphunzitsidwa. Kuno amayendanso kumanzere ngati kwathu. Chachilendo ndi msewu wa m'chisanu. Madzi oundana oopsa ndi amene saoneka, phula limangoti nyezi ngati lanyowa. Amakonda pa milatho, chifukwa mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba, komanso m'malo a mthunzi omwe dzuwa silifika. Zivundikiro zachitsulo za ngalande, mizere ya penti ndi masamba onyowa zimaterera ngakhale kopanda ayezi. Gwirani mabuleki musanafike pokhota, osati muli pakati pokhota, ndipo yambani ndi ya kumbuyo, mofatsa. Mukazindikira kuti muli kale pa ayezi, musagwire buleki ndipo musakhote, ingolunjikani mpaka mutadutsa. Phwetsaniko matayala pang'ono kuti agwire pansi bwino, ndipo tsitsani chishalo pang'ono kuti phazi lifike pansi msanga.

Lamulo la kuno limati dzuwa likalowa njinga ikhale ndi getsi loyera kutsogolo, lofiira kumbuyo, ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Ngakhale mukufuna kumaliza kukuwala, aliyense abwere ndi magetsi, chifukwa pobwerera kunyumba kudzakhala kwada, ndipo tsiku la mitambo masana omwe amakhala a mbuu. Helemeti lamulo silikakamiza, koma pa ulendo wanu inuyo kakamizani. Kupalasa m'njira ya anthu oyenda pansi ya m'mbali mwa msewu n'koletsedwa pokhapokha pali chikwangwani chololeza.

Pa zovala, cholakwika chofala ndi chijekete chimodzi chachikulu pamwamba pa malaya a thonje. Ukapalasa umatuluka thukuta, thonje limasunga thukutalo, ndipo ukaima kuwerenga ndagi limazizira pathupi. Masewerawa ndi oima-ima, choncho vutoli ndi lalikulu kuposa pa ulendo wamba. Valani zopyapyala zitatu: ya mkati yosasunga thukuta, juzi, ndi jekete yotchinga mvula ndi mphepo. Ndalama zanu ziikeni pa magolovesi ndi masokosi a ubweya. Munthu amene zala zauma sagwira buleki bwino, ndipo sasekanso. Tengani magolovesi apadera m'chikwama, pamakhala wina amene wabwera manja ali pamtunda.

Amene alibe njinga akhoza kubwereka zija za m'misewu zotsegula ndi foni, koma zimenezo ndi za akuluakulu, za ana funsani kwa anzanu pasadakhale. Bungwe la Bike for Good limagulitsa njinga zakale zokonzedwanso. Kumbukirani kuti Subway ya Glasgow, sitima yoyenda pansi pa nthaka, salola njinga wamba, pomwe sitima za ScotRail zimanyamula njinga ulere ngati malo alipo.

Chachisanu ndi chimodzi: anthu a ntchito pa tsikulo

Mufunika anthu atatu osapikisana nawo. Mmodzi akhale pothera ndi foni, akulandira zithunzi pa gulu la WhatsApp ndi kulemba mapointi. Wina apalase kumbuyo kwa onse ndi pampu, machubu awiri, zomatira ndi kabokosi ka chithandizo choyamba. Wachitatu aime pakatikati, pa Clyde Street ndi pabwino, ndi mafulasiki a tiyi wa mkaka ndi mandasi. Tiyi wa pakati pa ulendo ameneyu anthu amamukumbuka kuposa mphoto.

Gulu lililonse likhale ndi munthu wamkulu mmodzi wodziwa tauni, ndipo sakanizani dala: wophunzira amene wafika mu Seputembala mumuike ndi banja limene lakhala kuno zaka 15. Nyamutsani magulu motalikirana mphindi zisanu kuti asamangotsatana. Loko aliyense akhale nayo, koma poti malo onse ali panja, ndi bwino kuti mmodzi azigwira njinga ena akuwerenga zolemba pa mwala. Wina akagwa n'kumenyetsa mutu, kapena akayamba kunjenjemera kosalekeza ndi kuyankhula mosokonekera, masewera atha kwa gulu limenelo: mulowetseni pofunda, ndipo zikavuta imbani 999, nambala ya zangozi.

Pothera

Riverside Museum kulowa n'kwaulere, ndi kofunda, kuli zimbudzi ndi malo omwera tiyi, ndipo mkati muli njinga zakale zambiri zoti ana aone. Mukakhala ambiri dziwitsani eni malo pasadakhale. Werengani mayankho mokweza, ndagi imodzi imodzi, ndipo pa iliyonse lolani wina anene chimene waona. Apa ndi pamene nkhani ya kasupe uja, ya Mandela ndi ya Livingstone zimatuluka, ndipo akuluakulu amawonjezera zawo, monga zoti kampani ya Mandala ija, African Lakes, inayambira ku Glasgow konkuno mu 1878. Mphoto isakhale yodula. Paketi ya tiyi wa ku Thyolo kapena botolo la Nali zimakwana.

Anthu akafunsa za ulendo wotsatira, sungani Blantyre wa ku South Lanarkshire kuti mudzapiteko masiku akatalika, cha mu Epulo. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13 kuchokera m'tauni, ndipo nyumba imene Livingstone anabadwiramo, ku Shuttle Row, inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa. Panja pake pali chiboliboli chake akulimbana ndi mkango.

Mukafika kunyumba madzulo amenewo, musaike njinga m'shedi momwemo. M'nyengo ino misewu amaithira mchere kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya tcheni m'masiku ochepa. Itsukeni ndi madzi ofunda, pukutani tcheni ndi kansanza, thirani oilo, ndipo tchajani magetsi aja usiku womwewo.